Gauni yavulidwa, nanga ntchito? Kuyerekeza njira za omaliza sayansi ndi uinjiniya

Mwana wa achemwali anga anamaliza chaka chatha digiri ya uinjiniya wa zamagetsi ku MUBAS, kumene ife akale timakutchabe ku Poly ngakhale dzinalo linasintha mu 2021. Tsiku la phwando, mpunga ndi nkhuku zitatha, azimayi akutsuka mbale kuseri, anandipeza pansi pa mtengo wa mango n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, ndiye ndiyambira pati?" Ndinamuyankha zija timayankha akuluakulu tikakhuta: limbikira mwana wanga, Mulungu atsegula khomo. Usiku ndinachita nazo manyazi. Ine ndadya ndalama ya uinjiniya wa zomangamanga zaka zoposa 20, ndagwirapo m'boma, kwa makontilakitala, ndiponso ndayesapo kuima pandekha. Mwanayo amayenera kumva zogwirika.

Funso loti "amalipira zingati?" n'lofunika ndithu. Lendi sadikira, kumudzi akuyang'ana inu, ndipo a bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite saiwala dzina la munthu. Koma funso limene limalekanitsa anthu a kalasi imodzi pakatha zaka zisanu ndi lina: pamalo pano ndigwira chiyani ndi manja anga, ndipo adzasayine ndani kuti ndinachigwiradi? Kwa injiniya nkhaniyi ndi ya lamulo. Chiyambire lamulo la 2019 limene linakhazikitsa Malawi Engineering Institution, womaliza digiri amalembetsa kaye ngati injiniya wongoyamba, n'kugwira zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa, kulemba malipoti a zimene wachita, kenako n'kuyesedwa kuti siginecha yake iyambe kulemera. Digiri yokha imangokufikitsani pageti. Wa sayansi ya mulabu kapena wa makompyuta kawirikawiri alibe bungwe lomufunsa chimodzimodzi, koma wolemba ntchito amafunsa zomwezo m'mawu ena: wapangapo chiyani, ndipo tifunse ndani? Njira zonse zimene ndikufotokoza apa ndaziika pa sikelo imeneyi.

Boma ndi makampani ake

Makolo ambiri akamva zoti mwana walowa m'boma amapuma mpweya wabwino, ndipo sindiwadzudzula. Wa digiri amalowera pa giredi I, ija timaitcha PO (Professional Officer), ntchito yake ndi yokhazikika, penshoni ilipo, ndipo banki imamukongoza mosavuta. Malipiro ndiwo ochepa, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya May 2022, anthu a malipiro osasuntha ndi amene anaumva kwambiri ululu. Chinanso, Civil Service Commission imatha kukuitanani ku intaviyu mutaiwala kale kuti munafunsirako ntchito.

Ubwino wa boma umene achinyamata sauona uli ku makhonsolo. Mukatumizidwa ku ofesi ya zomangamanga ya boma lina lakutali, chaka chomwecho mudzayang'anira midadada ya sukulu, timilatho, mijigo ndi misewu yafumbi. Mnzanu wa mu Lilongwe nthawi imeneyo akadali kunyamulira abwana mafayilo. Koma chikomekome cha mkuyu. Kumalo oterowo kawirikawiri kulibe injiniya wamkulu woti akukonzeni mukalakwitsa, ndipo siginecha yanu imayamba kufunidwa musanadziwe kulemera kwake. Ine ndili kamnyamata, m'boma lina la kumwera, anandibweretsera pepala loti ndivomereze kulipira kontilakitala wa kamlatho kena. Nditapitako ndinapeza zitsulo zikuonekera pansi pa silabu, konkire ikunyenyeka ukaikanda ndi kiyi wa njinga yamoto. Foni zinayamba kulira: mwambo wotsegulira wakonzedwa kale, mafumu auzidwa, a ndale akubwera Loweruka. Ndinakana kusayina, koma si kulimba mtima ayi. Ndinali nditaimbira foni mphunzitsi wanga wakale, iye n'kundiuza kuti mlathowo ukagwa, amene adzaitanidwe kupolisi ndi mwini siginecha. Amene alibe munthu wotere womuimbira aganize kawiri asanasangalale ndi mpando wa kukhonsolo.

Makampani aboma ndi nkhani ina. ESCOM, EGENCO imene inapatuka ku ESCOM mu 2017, mabungwe asanu a zamadzi, Roads Authority, MERA, MACRA ndi Malawi Bureau of Standards amalipira bwino kuposa unduna, ndipo ali ndi mainjiniya akuluakulu okhoza kukusayinirani. Ali ndi makina amene simungawapeze kwina kulikonse m'dziko muno. Wa zamagetsi kapena wa makina amene wakhala zaka zitatu pa Nkula, Tedzani kapena Kapichira amatulukapo ali munthu wina. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, ndipo achinyamata amene anali pantchito yokonzayo anaona m'miyezi yochepa zimene ena sadzaziona mpaka kupuma ntchito. Pa sikelo yanga iyi ndiye njira yolemera kuposa zonse. Vuto lake khomo ndi lopapatiza: malo akalengezedwa ochepa, maenvulopu a khaki amafika odzaza makatoni. Funsirani ndithu nthawi iliyonse, koma musakhale pakhonde kudikira iwo okha.

Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi kwa kanthawi, imene inayamba mu 2018, ndiitchule mwachidule. Kandalama kake n'kongokwanira minibasi ndi chiwaya. Ikakugwetserani kulabu kapena kusaiti, itengeni. Ikakugwetserani pa desiki lolandirira makalata, pemphani kuti akusunthireni kumene kuli ntchito ya maphunziro anu, ndipo pemphani mobwerezabwereza.

Kontilakitala, fakitale, banki

Ine ndinakhwimira kwa kontilakitala. Tsiku langa loyamba pasaiti ndinafika ndi nsapato zopukuta ndi kabuku m'manja. Kapitawo wake, bambo wachikulire amene sukulu analekezera Sitandade 8, anatapa mchenga pamulu, kuufinya m'manja, n'kutambasula chikhatho. Chinali chofiira. "Bwana injiniya," anatero, "mchenga uwu uli ndi dothi. Mukathira simenti apa mukungotaya ndalama za eni ake." Za dothi la mumchenga ndinali nditazilemba pamayeso n'kukhoza bwino, koma maso anga sankalidziwa. Anatenga botolo, kuthiramo mchenga, madzi ndi kamchere, kukhutchumula, n'kuliimika pamthunzi. Pofika masana matope anali atakhazikika pamwamba pa mchengawo, okhuthala ngati chala. Lole yonse inabwezedwa. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuyenda ndi kabuku, ndinayamba kuyenda pambuyo pa bambo aja.

Ntchito ya kontilakitala imaphunzitsa msanga chonchi, koma imalumanso. Kampani yomweyo inatikhalitsa miyezi itatu osalandira chifukwa mwini ntchito sanalipire. Dizilo akasowa, saiti imaima. Ndalama zakunja zikasowa, phula ndi zitsulo sizifika. Pulojekiti ikatha, kontilakiti yanu yathanso. Ntchito zikuluzikulu monga kukonzanso msewu wa M1 kapena ngalande ya mthirira ya ku Chikwawa zimagwiridwa kwambiri ndi makampani akunja, ndipo kumeneko mufunse musanasayine: kodi pali injiniya wolembetsedwa kuno kwathu amene ndidzakhale pansi pake? Ena amakulembani kuti muzingomasulira Chichewa pakati pa abwana ndi antchito, dzina lokha n'kukhala la injiniya. Makampani olemba mapulani ndi kuyang'anira makontilakitala amalipira pang'ono poyamba, koma kumeneko n'kumene mumaphunzira kuwerengetsa, ndipo eni ake amakhala olembetsedwa chifukwa popanda zimenezo sangapeze ntchito. Amene angathe kuchita zaka ziwiri kumapulani ndi ziwiri kusaiti wadzikonzera bwino.

Mafakitale athu ndi ochepa, tisanamizane. Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, okonza fodya ku Kanengo, opanga simenti, zakumwa ndi mafuta ophikira, mndandanda sutalika kwenikweni. Koma amene alipo amafuna wa makina, wa zamagetsi ndi wa kemisitile amene sadandaula kukhala kutali ndi tauni ndi kudzutsidwa 2 koloko usiku boyila ikavuta. Achinyamata ambiri amakana Nchalo chifukwa cha kutentha. Ine ndimati pitani mukapse, mudzabwerako mukudziwa fakitale yonse kuyambira pamene nzimbe ilowera mpaka pamene thumba lisokedwera.

Mabanki, TNM ndi Airtel ndiwo amameza ambiri a makompyuta, masamu ndi sitatisitiki. Kwa amenewa ndi kwawo ndithu, ndipo wa masamu amene walowa ku inshulansi n'kuyamba mayeso a akatswiri owerengetsera ngozi wapeza msewu wautali koma wa phula. Chimene chimandiwawa ndi kuona injiniya wa zaka zisanu za sukulu atakhala pakauntala kuwerenga ndalama za eni. Tayi amavala wokongola, ngongole ya galimoto amapatsidwa, koma pakatha zaka zinayi kubwerera ku uinjiniya kumakhala kovuta, chifukwa malipiro a wongoyamba sangawalolenso.

Za migodi zili pakamwa pa aliyense masiku ano: Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe, Songwe Hill ku Phalombe, ndi Kayelekera ku Karonga. MUBAS ndi MUST ya ku Thyolo akutulutsa ana ophunzira za miyala ndi zoyenga zitsulo. Mwayi ulipodi, ndipo mgodi sufuna odziwa miyala okha, umafunanso a zamadzi, a zachilengedwe, a mulabu ndi a makina. Koma mbiri ya Kayelekera muziikumbukira. Mgodiwo unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa kutsatira ngozi ya pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, ndipo unakhala chiimire zaka zoposa 10 mpaka Lotus Resources inautsegulanso mu 2025. Mtengo umene umasunga ntchito yanu pamgodi umapangidwa kutali, ndi anthu amene Karonga sakuidziwa n'komwe. Lowani, koma luso limene mukutola likhale loti mukhoza kupita nalo ku Zambia kapena ku Tete.

Choko ndi labu

Amene ali pamavuto enieni si mainjiniya, koma omaliza sayansi yokhayokha ku Zomba kapena ku Mzuzu: bayoloje, fizikisi, kemisitile. Nyuzipepala ya Nation kapena Daily Times mukhoza kuitsegula mwezi wathunthu osapeza malo ofuna wa fizikisi. Ambiri amathera pa choko. Masukulu a sekondale, makamaka ma CDSS akumidzi, akusowa aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndiye ntchitoyo ndi yeniyeni ndipo ndi yofunika. Masukulu omwe si aboma amalemba msanga, koma kuti mukhazikike m'boma mufunika satifiketi ya uphunzitsi pamwamba pa digiri yanu. Amene amakonda kuphunzitsa aitenge satifiketiyo msanga, asachite nayo manyazi. Amene akuti "ndingogwirizira chaka chimodzi" adziwe kuti ndikudziwa anthu angapo amene ananena mawu omwewo, lero ana amene anawaphunzitsa Fomu 1 ndi madokotala.

Kafukufuku ndiye khomo lina, ndipo pa zaumoyo dziko lathu lili ndi malo odziwika kunja konse: Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe, MEIRU ku Chilumba. Pa zaulimi pali Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Lunyangwa, komanso malo ofufuza za tiyi ku Mulanje. M'malo otere mumagwira zipangizo zenizeni, mumaphunzira kusunga deta mwaukhondo, ndipo mumakhala pafupi ndi anthu amene kalata yawo yokuchitirani umboni imatsegula zitseko za masters ndi PhD. Kwa wasayansi, kalata imeneyo ndiyo siginecha ija. Choopsa chake n'chakuti ndalama zambiri zimachokera kunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu January 2025, anthu a m'mabungwe ambiri anadzuka m'mawa n'kupeza ntchito palibe, ena a iwo akatswiri a makompyuta ndi a mulabu amene ankaoneka ngati afika. Mukalowa m'bungwe lodalira thandizo, galimoto yoyera ija isakupusitseni. Werengani tsiku limene pulojekiti ikutha, ndipo muyambe kusaka kwina kutatsala miyezi isanu ndi umodzi.

Kudzilemba wekha

A ndale amakonda kuuza achinyamata kuti adzilembe okha ntchito, iwo ali pa malipiro a boma. Komabe njirayi ilipo, kungoti siikomera onse mofanana. Wa makompyuta ndiye amaipeza yofewa: mpamba wake ndi laputopu, intaneti ndi mutu. Akhoza kupangira sukulu kapena chipatala chaching'ono pulogalamu yosungira marekodi, kapena kugwirira ntchito kampani ya ku Nairobi kapena ku Berlin ali ku Chilomoni, n'kumalandira madola. Amene amamulemba safunsa za digiri kwenikweni, amafuna kuona zimene wapanga. Adani ake ndi kuzimazima kwa magetsi, mtengo wa bandulo, ndi njira yolandirira ndalamazo. Kubwera kwa Starlink mu 2023 kunathandiza amene angaikwanitse, ndipo malo ngati mHub ku Lilongwe amakumanitsa anthu a maganizo ofanana.

Wa zamagetsi ali ndi msika wa sola, poti anthu ambiri akumidzi mawaya a ESCOM sanawafike, ndipo alimi akufuna mapampu a mthirira. Koma pafunika chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, mapanelo ndi mabatire amagulidwa ndi madola osowawo, ndipo chiwongoladzanja cha kubanki chimadya phindu lisanabwere. Pamsikapo mupezanso anyamata a ku Soche, Lilongwe kapena Nasawa Technical amene manja awo ndi ochenjera kuposa anu ndipo amatchaja theka la mtengo wanu. Musawanyoze. Gwirizanani nawo, inu muziwerengetsa kukula kwa sisitemu, iwo azikuphunzitsani kukwera denga.

Wa zomangamanga amene wangotuluka kumene n'kutsegula kampani yake, ameneyo ndimamumvera chisoni. Alibe womusayinira, alibe womuphunzitsa, ndipo nyumba yoyamba ikang'aluka dzina lake lang'alukira pomwepo. Ine ndinayesa nditagwira kale zaka 12, komabe chaka choyamba ndinagulitsa galimoto kuti ndilipire amisiri.

Kuwoloka malire

Pali kupita kukaphunzira, pali kupita kukasaka. Zoyambazo zili ndi makomo odziwika a thandizo lolipirira maphunziro: Chevening ndi Commonwealth za ku Britain, DAAD ya ku Germany, Mastercard Foundation, Carnegie Mellon ya ku Kigali kwa a makompyuta ndi zamagetsi, ndi AIMS kwa a masamu ndi fizikisi, imene inayambira ku Cape Town mu 2003 ndipo tsopano ili ndi masukulu ku Rwanda, Ghana, Senegal ndi Cameroon. Kwa wasayansi wofuna kafukufuku, masters ndi yosathawika, apite msanga. Kwa injiniya ndimati dikirani. Chevening yomwe imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ndaonapo achinyamata obwera ndi masters ya ku Ulaya asanagwirepo ntchito iliyonse: pa malo a wongoyamba amati mwaphunzira kwambiri, pa malo a wamkulu amati mulibe luso, munthu n'kukhala pakati ngati mleme.

Kukasaka ku Joni kuli ndi njira yake yolongosoka. Mapepala anu amayamba aunikidwa ndi SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro kumeneko, injiniya amalembetsa ku ECSA, bungwe la mainjiniya la dzikolo, ndipo pali chitupa cha anthu a maluso osowa. Zimatenga nthawi ndi ndalama, ndipo amene walembetsa kale kuno kwathu n'kukhala ndi zaka zoonetsa amayenda mosavutikirapo. Amene amangokwera basi pa Wenela ndi digiri m'chikwama amakathera kulima kapinga kapena kuperekera zakudya mulesitilanti. Ndalama amatumiza ndithu, mwina kuposa PO, ndipo nyumba kumudzi imamangidwa. Koma chaka chilichonse chimene chadutsa, digiri ija imazilala. Chimodzimodzi amene anapita ku Britain kukasamalira okalamba. Njira imeneyo boma la kumeneko linaitseka mu July 2025 kwa ofunsira ali kunja, ndiye wina akakuuzani kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni malo oterowo, gwirani thumba lanu.

Mwana wa achemwali uja anabweranso mwezi watha ndi makalata awiri. Ina ndi ya banki mu Blantyre, ku dipatimenti ya makompyuta, kukonza maprinta ndi mapasiwedi a ogwira ntchito. Inayo ndi ya kampani yaing'ono yoika magetsi a sola m'misika ya kumidzi, malipiro ake otsikirapo ndithu, kontilakiti ya zaka ziwiri, kogona ndi kachipinda kuseri kwa sitolo. Ndinamufunsa kuti kukampani yaing'onoyo akakhala pansi pa ndani. Anatchula mayi wina amene ndimamudziwa, injiniya wolembetsedwa, wolusa pantchito, amene anagwirapo pa siteshoni ya sola ya mamegawati 60 ku Salima. Ndinamuuza kuti apemphe zilembedwe m'kontilakiti kuti mayiyo azimusayinira malipoti ake miyezi itatu iliyonse, ndipo akavomera, apite kumudziko.

Achemwali anga sanandilankhule sabata yathunthu. Akuti anagulitsa mbuzi ndi mtedza zaka zisanu kuti mwana achoke kumudzi, ndiye ine ndikumubwezera komweko, kukagona kuseri kwa sitolo, pamene banki ikumufuna ndi yunifolomu yomwe. Sindinawatsutse, poti mbuzizo zinali zawo. Mwanayo kalata ya banki sanaiyankhebe, ndipo tsiku lomaliza ndi Lachisanu. Dzulo ananditumizira uthenga pa WhatsApp kufunsa kuti nsapato za chitsulo kutsogolo, saizi 5, amagulitsa kuti mu Limbe.